Mwana Wamasiye wa ku Minda ya Fodya

Phunziro la akhristu ndi akatekisiti

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu waukulu wopita ku Mzuzu, akawoloka mtsinje wa Bua, amalowa m'chigwa chachikulu cha Kasungu. Uku ndi uku amaona zigafa zofolera ndi udzu, minda yotambalala, ndi msika wa fodya wa pa Chinkhoma. Fodya ameneyu wamanga nyumba za malata, walipirira ana sukulu, wadzetsanso ndalama zakunja m'dziko. Koma kuseri kwa zigafazo kuli mwana amene anthu samuwerengera, ndiye mnyamata kapena mtsikana wosinkhuka amene makolo ake afera pa munda wa eni. Phunziro ili likunena za iye: kumene umasiye wake uchokera, chisoni chimene asenza, ndi njira yompezera banja.

1. Alendo a pa esiteti

M'zaka za m'ma 1970, pa ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kunali ku Kasungu komweko, maesiteti a fodya adachuluka kwambiri m'bomali. Fodya amafuna manja ambiri, ndipo manjawo adachokera makamaka ku maboma a kummwera monga Mulanje, Phalombe, Thyolo, Zomba ndi Machinga, kumene malo olima ndi ochepa. Anthuwa adatchedwa matenanti. Pangano lake linali lotere: mwini esiteti amapatsa tenanti malo, mbewu, feteleza ndi phoso pa ngongole, tenanti amalima ndi banja lake lonse, fodya akauma amamgulitsa kwa mwini esitetiyo, ndipo ngongole ikachotsedwa, chotsala ndiwo malipiro a chaka chathunthu. Kawirikawiri chotsalacho chinali chochepa, mwina panalibe ndi kanthu komwe.

Ana nawo amalowa m'munda. Amathirira nazale mu Okutobala, amawokera mvula ikagwa, amathyola masamba ndi kuwasoka kuyambira Febuluwale. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan lidafalitsa kafukufuku amene lidachita ndi ana 44 a ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba. Lidaonetsa kuti mwana wogwira fodya wamuwisi ndi manja osavala kanthu angathe kulowetsa m'thupi mwake, kudzera pa khungu, mamiligalamu 54 a nikotini pa tsiku, ngati kuti wasuta ndudu 50. Nchifukwa chake ana otere amamva mutu, chizungulire ndi nseru.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti. Komabe mabanja ambiri amene adabwera kale adakalipo, akukhala pa nthaka imene si yawo, m'nyumba imene si yawo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mwana wa m'mudzi akaferedwa amatsala ndi munda wa amayi ake, manda a makolo ake, ndi amalume amene ali mwini mbumba. Mwana wa pa esiteti akaferedwa amataya zonse pamodzi, pakuti nyumbayo idaperekedwa chifukwa cha ntchito, ndipo wantchitoyo wapita.

2. Njira imene ana otere amayenda

Chitsanzo chotsatirachi sichinena za mwana mmodzi wodziwika dzina. Chikuonetsa njira imene ana ambiri a ku minda ya fodya ayendamo.

Mnyamata wa zaka 14 adabadwira pa esiteti. Atate ake adamwalira iye ali wamng'ono, ndipo amayi ake adapitiriza kulima. Amayiwo adwala m'nyengo ya dzinja, fodya ali m'chigafa, namwalira. Kutenga maliro kupita nawo ku Mulanje, ulendo wa makilomita oposa 400, nkosatheka. Choncho anzawo a pa ntchito apempha malo kwa mfumu ya mudzi woyandikana, nawaika m'manda a eni. Chipepeso chithera pa bokosi ndi ufa wa pa siwa. Fodya atengedwa kuti abweze ngongole. Pofika Ogasiti, banja lina lafika kudzalowa m'nyumbamo.

Mnyamatayo amangodziwa dzina la mudzi wa amayi ake, koma sadapondeko. Ayamba wagona kwa mnansi, amene ali ndi ana akeake asanu ndi nkhokwe yopanda kanthu. Kenaka apita kukaweta ng'ombe kwa munthu wina, malipiro ake nsima. Akakangana naye, atsikira pa boma la Kasungu, kumene masana amanyamula katundu pa depoti ya basi, usiku nagona pa khonde la sitolo, atafunda thumba. Mtsikana amayenda njira yoopsa koposa: amatengedwa kukagwira ntchito ya m'nyumba, kapena kukankhidwira ku ukwati asanakhwime.

Palibe mmodzi mwa anthu onsewa amene adafuna kumchita choipa mwanayo. Aliyense adangoyesa kuti wina amsamala. Umo ndi mmene mwana wobatizidwa amasowera pakati pa akhristu.

3. Chisoni cha mwana wosinkhuka

Pa maliro anthu amapepesa akuluakulu. Khanda amalinyamula ndi kulitonthoza. Koma wosinkhuka amamtuma kukatunga madzi ndi kukatola nkhuni, namuuza kuti, "Iwe ndiwe wamkulu, usalire." Motero chisoni chake chimasowa potulukira, ndipo chimatuluka mwa njira zina. Wina amakhala duu, osayankha. Wina amapsa mtima pa kanthu kakang'ono. Wina amabisa chakudya pansi pa mphasa ngakhale atakhuta, chifukwa adaphunzira kuti chakudya cha lero sichilonjeza cha mawa. Wina amathawa pa nyumba imene amkonda, poopa kuti akazolowera adzathamangitsidwanso. Ambiri amadziimba mlandu mumtima, poganiza kuti akadathamanga msanga kukaitana anthu, amayi awo sakadafa.

Wosadziwa zimenezi amati mwanayo ndi wamwano kapena wosayamika, chikhalirecho ndi wolira. Chisoni sichitha pa tsiku lometa. Chimabweranso pa Khrisimasi, pa tsiku lotsekera sukulu pamene anzake akuonetsa makolo zotsatira za mayeso, ndi pa nyengo imene fungo la fodya wouma limkumbutsa amayi ake. Wolera mwana wotere asamletse kutchula malemuwo. Amfunse za iwo, amsungire kanthu kalikonse kamene adamsiyira, ngakhale chitenje chakutha, amperekezenso ku manda pa 2 Novembala, tsiku limene Eklezia amakumbukira onse omwalira. Kupempha Misa m'dzina la makolo ake, iye akumva dzinalo likutchulidwa m'tchalitchi, ndi mankhwala aakulu.

4. Chitsanzo cha Don Bosco ndi amayi ake

Eklezia ali ndi woyera amene adayendapo njira imeneyi. John Bosco adabadwa m'chaka cha 1815 pa Becchi, m'dziko la Italy. Atate ake adamwalira m'chaka cha 1817, iye asanakwane zaka 2. Ali ndi zaka pafupifupi 12 adachoka pakhomo chifukwa cha kusamvana ndi mkulu wake Antonio, nakagwira ntchito pa munda wa banja la Moglia, limene lidamsunga bwino. Adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1841, nayamba kusonkhanitsa anyamata osowa pokhala mu mzinda wa Turin.

Chiyambi chake sichinali chokoma. Anyamata oyamba amene adawagoneka adathawa mbandakucha atatenga mabulangete. Koma usiku wina wa mvula, mu Meyi 1847, padafika mwana wamasiye wochokera ku chigwa cha Valsesia, atanyowa, alibe kolowera. Amayi a wansembeyo, Margherita, adamuyanikira zovala pa moto, adampatsa chakudya, namkonzera pogona m'khitchini. Ameneyo ndiye adali woyamba mwa ana ochuluka amene adakulira pa Valdocco. Mayi Margherita adawalera mpaka imfa yawo m'chaka cha 1856. Don Bosco adamwalira pa 31 Januwale 1888, ndipo Papa Pius XI adamlengeza woyera m'chaka cha 1934. Ana ake auzimu, Asaleziani, lero akuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja ku Lilongwe.

M'nkhani imeneyi muli zinthu ziwiri zoti akhristu azisunge. Choyamba, wansembe yekha sakadatha. Padafunika mayi, moto ndi mphika. Chachiwiri, adaberedwa mabulangete, koma sadatseke chitseko.

5. Zimene malamulo a dziko anena

Chifundo chiyenera kuyenda pamodzi ndi lamulo, kuti mwana atetezedwe, ndi kutinso womlera asadzanamiziridwe. Kuyambira m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangakwatiwe kapena kukwatira. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoononga thanzi kapena maphunziro ake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola wapolisi, mlangizi wa boma, mfumu, ngakhale munthu wamba, kutenga mwana amene ali pa ngozi ndi kumuika pamalo otetezeka. Koma nkhaniyo iyenera kukafika msanga kwa akuluakulu. Banja lofuna kulera mwana wosakhala wawo lipite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma, kuti kulerako kudziwike ndi kulembedwa. Palinso nambala ya lamya yaulere, 116, yothandiza ana amene ali pa mavuto.

6. Banja lolera

Akale adati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawuwa ndi osavuta kunena, koma amayesedwa pa mbale ya ndiwo. Pali mabanja amene amatenga wamasiye chifukwa aona manja aulere a nyengo ya fodya. Ana awo amapita ku sukulu, iye napita ku chigafa. Ana awo amadya pa mphasa, iye nakokota mphika. Kumeneko si kulera. Ndi kulemba ntchito popanda malipiro, ndipo mkhristu wochita zimenezi ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu.

Banja loona limadziwika ndi zinthu zinayi. Mwamuna ndi mkazi avomera onse awiri, atauzanso ana awo. Mwanayo adya chimene ana a pakhomo adya, agona pamene iwo agona, napatsidwa ntchito yolingana ndi yawo. Abwerera ku sukulu, ngakhale atatsalira makalasi awiri. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Ndipo samlanda dzina lake, chilankhulo cha kwawo, kapena abale ake. Ngati ali ndi mng'ono kapena mlongo, asawalekanitse popanda chifukwa chachikulu. Ngati makolo ake adali a mpingo wina kapena Asilamu, asamkakamize ubatizo ngati mtengo wa nsima.

Mwanayo naye afunsidwe. Wa zaka 14 si katundu woti nkungomsamutsa. Amuuze zoona: "Mwana wanga, pano ndi panu. Sitilowa m'malo mwa amayi ako, koma sitidzakuthamangitsa." Mwina padzapita miyezi asanatchule mawu akuti "amayi" kapena "bambo". Asamfulumize. Yosefe Woyera adalera Mwana amene sadabereke, ndipo adachita zimenezi ndi ntchito za manja ake ndi kukhulupirika kwa tsiku ndi tsiku.

7. Ntchito ya mkatekisiti ndi Mphakati

Pa msonkhano wa dayosizi ya Lilongwe wa 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe adakhazikitsa Miphakati kuti akhristu oyandikana adziwane ndi kusenzerana katundu. Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi losauka silingathe lokha kulera mwana wowonjezera. Koma Mphakati wa mabanja khumi ungathe: wina ndowa ya chimanga, wina yunifolomu, wina makope, wina tsiku limodzi lolimira banja lolera.

Tsono mkatekisiti achite izi. Adziwe mabanja a pa maesiteti a m'dera lake iwo akali moyo, nalembe m'buku mudzi wa kwawo, mfumu yawo, ndi dzina la amalume a ana. Pa maliro alionse afunse poyera, anthu asanabalalike, kuti, "Kodi anawa agona kuti sabata yamawa?" Akumbutse atate ndi amayi a ubatizo za lonjezo lawo. Adziwitse bambo mfumu, amene angalembere parishi ya kwawo kwa malemu kuti abale afunidwe, pakuti ngati pali agogo kapena azakhali okhoza kumlandira bwino, kumeneko ndiye koyamba. Adziwitsenso mfumu ya mudzi ndi ofesi ya boma. Mwana akapeza banja, mkatekisiti asaleke kumuyendera, ndipo apeze mpata womva mawu a mwanayo momasuka. Nthawi yoopsa kwambiri ndi miyezi ya pakati pa kutha kwa msika ndi kufesa nazale, pamene mabanja amasamuka ndipo nyumba zimasintha eni. M'miyezi imeneyo mkatekisiti awerenge ana ake.

Mafunso okambirana ku Mphakati

1. Nchifukwa chiyani mwana wa pa esiteti amataya nyumba pamodzi ndi makolo?
2. Kodi chisoni cha mwana wosinkhuka chimaoneka bwanji, ndipo chimasokonezedwa ndi chiyani?
3. Kodi banja lolera limasiyana bwanji ndi banja lofuna wantchito?
4. Pa maliro atatu omaliza a m'dera lino, ndi ana angati adatsala, ndipo lero akugona kuti?