ZA UMOYO: MAPHUNZIRO OCINJIRIZA MATENDA NDI NCHITO ZAKE

Makolo ambiri muno mu Livingstone amafuna kuti mwana akatsiriza Giredi 12 akhale dotolo kapena nesi. Malo akasowa, banja limataya mtima. Komatu alipo maphunziro ena ochedwa Public Health, ndiko kuti umoyo wa anthu onse. Dotolo acilitsa munthu amene wadwala kale, koma wophunzira izi alimbana ndi matenda asanalowe m'komboni.

Kufunika kwake tinakuona pa mliri wa kolera umene unayamba mu Lusaka mu October 2023. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko muno, oposa 700 anamwalira, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira mu February 2024. Amene anali kupima madzi a m'zitsime, kugawa klorini ndi kulondola kumene matenda anayambira ndiwo anthu a maphunziro amenewa.

APHUNZIRA ZOTANI?

Coyamba ndico kafalidwe ka matenda: adwala ndani, kuti, liti, ndipo cifukwa ninji. Caciwiri ndi masamu owerengera odwala. Aphunziranso za madzi, zimbudzi, zinyalala, kadyedwe koyenera, katemera ndi malamulo a zaumoyo. Motero mwana ayenera kukhoza bwino maphunziro asanu pa Giredi 12, makamaka Cingerezi, masamu ndi sayansi.

APHUNZIRA KUTI?

Yunivesite ya Zambia, UNZA, ili ndi sukulu yake ya Public Health kuyambira mu 2016. Ku Lusaka komweko kulinso Levy Mwanawasa Medical University. Digiri itenga zaka zinai kapena zisanu. Amene sangakwanitse angayambe ndi dipuloma ya zaka zitatu ya Environmental Health pa Evelyn Hone College. Ophunzira m'mayunivesite a boma angapemphe nkhongole ku bungwe la HELSB, imene amabweza akayamba nchito.

NCHITO ZAKE

Mzinda wathu uli pa malire ndiponso ulandira alendo ambiri odzaona Mosi-oa-Tunya. Pa mlatho wa Victoria Falls, pa bwalo la ndeke la Harry Mwaanga Nkumbula ndi pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021, pafunika oyang'anira umoyo wa apaulendo. Khonsolo ya mzinda ili ndi mainsipekitala oyendera misika monga wa Maramba, mabucha ndi mahotela. Pa makiliniki a ku Libuyu, Linda ndi Dambwa, iwo atsogolera nchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba ndi kuphunzitsa anthu zaukhondo. Ena alembedwa ndi Zambia National Public Health Institute, migodi ndi mabungwe amene sali a boma.

CENJEZO KWA MAKOLO

Nchito sibwera tsiku lotsiriza sukulu. Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, koma silicita tero caka ciliconse. Mwana azidzipereka kuthandiza pa kiliniki ya kwanu pa nthawi ya holide kuti adziwe nchito ndi kudziwika.

Musanagulitse ng'ombe kapena kutenga kaloba, funsani zinthu ziwiri. Kodi sukuluyo ndi yolembetsedwa ku Higher Education Authority? Kodi maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi Health Professions Council of Zambia? Ngati yankho ndi lakuti iyai, sungani ndalama zanu, pakuti setifiketi yotero siingampatse mwana wanu cilolezo cogwirira nchito.