PHUNZIRO: SAYANSI YA PAKHOMO, ZOCITA NDI ANA PA NTHAWI YA HOLIDE



Sukulu zikatsekera, ambiri a ife timayamba kudandaula. Ana amadzuka, kudya phala, kenaka kusowa cocita. Wina amathawira kumseu, wina amakhala pa foni mpaka batire kutha, ndipo wamng'ono amatsatira amake paliponse ndi mafunso osatha. Tinaziona bwino izi m'caka ca 2020 pamene sukulu zinatsekedwa cifukwa ca COVID-19, ndiponso kuciyambi kwa 2024 pamene kolera inacedwetsa kutsegulira sukulu kufikira mwezi wa February. Ana anakhala pakhomo masabata ambiri, ndipo ena pobwerera m'kalasi anali ataiwala zimene anaphunzira.

Pa nchito yanga ya uphunzitsi ku sekondale ndimalandira ana amene analoweza pamtima kuti mbeu imafuna madzi, mpweya ndi kufunda kuti imere. Koma ukangolitembenuza funsolo pang'ono, amasokonezeka, cifukwa sanaonepo ndi maso ao muzu ukutuluka m'nyemba. Mwana amene anagwirapo cinthu ndi manja ake saiwala msanga. Colinga ca phunziro lino ndi kukuonetsani kuti inu amai, kapena inu ambuya amene mukulera adzukulu, mungathe kumthandiza mwana ndi zinthu zimene muli nazo kale m'khichini, ngakhale inuyo simunapite patali ndi sukulu.

MAFUNSO ATATU OFUNIKA

Pa nchito iliyonse imene ndilongosole pansipa, mfunseni mwana mafunso atatu. Musanayambe: “Uganiza kuti cicitike n'ciani?” Mutatha: “Waona ciani?” Potsiriza: “Cifukwa cake n'ciani?” Musafulumire kumuyankhira. Akalakwitsa musamuseke, pakuti kuyerekeza ndi kupeza kuti unalakwa ndiyo njira imene akatswiri a sayansi amaphunzirira. Mpatseni kabuku kakale kamene kali ndi masamba otsala kuti azilembamo tsiku, zimene anaganiza ndi zimene anaona. Amene sanayambe kulemba azijambula.

1. NYEMBA M'BOTOLO

Pezani mabotolo atatu oonekera mkati, monga a jamu, nyuzipepala yakale ndi nyemba zouma 12. M'botolo loyamba pindirani pepala lonyowa, ndipo lowetsani nyemba zinai pakati pa pepala ndi galasi kuti zizioneka. M'laciwiri citani cimodzimodzi koma pepala likhale louma. M'lacitatu ikani nyemba pansi, thirani madzi owiritsa amene azizira mpaka zimire, ndipo pamwamba pa madziwo thirani saladi pang'ono. Mabotolo onse akhale pamalo amodzi ofunda, ndipo pepala la botolo loyamba lisaume.

Pakapita masiku atatu kapena asanu, nyemba za m'botolo loyamba zidzatulutsa muzu. Mwana aone kuti muzu ndiwo umayamba, ndipo umaloza pansi ngakhale nyembayo itagona cotani. Za m'botolo louma sizidzasintha. Za m'madzi zidzafufuma koma sizidzamera, cifukwa kuwiritsa kunacotsa mpweya m'madzimo ndipo saladi anatseka kuti wina usalowe. Apa mufunseni cifukwa cake cimanga sicimera bwino pamalo pamene madzi ajama.

Mwana wamkulu angakuthandizeni kuyesa mbeu imene munasunga. Akulunge njere 20 za cimanga m'nsalu yonyowa, ndipo pakatha masiku 7 awerenge zimene zamera. Zikamera 18, ndiye kuti pa njere 100 zilizonse mungayembekezere 90. Zikamera 10 cabe, mwadziwiratu musanataye mphamvu ndi feteleza m'munda.

2. DZIRA LOYANDAMA

Thirani madzi m'matambula awiri. M'tambula imodzi sungunulani mcere wokwana masupuni akulu atatu. Ikani dzira laliwisi latsopano m'madzi opanda mcere: lidzamira. Liikeni m'madzi a mcere: lidzayandama. Likakana, onjezerani mcere ndi kutakasa bwino.

Mcere ukasungunuka, madzi amalemera kuposa kale ngakhale kucuruka kwake kukuoneka cimodzimodzi. Cinthu cimayandama ngati cili copepuka kuposa madzi a muyeso wofanana naco. Ndi cifukwa cake anthu samira m'Nyanja Yakufa, ya pakati pa Israel ndi Jordan, imene madzi ake ali ndi mcere wambiri zedi.

Inu amai mumadziwa kale kuti dzira lokhalitsa limayandama ngakhale m'madzi wamba. Muuzeni mwana cifukwa cake: cikamba ca dzira cili ndi timabowo tosaoneka, ndipo masiku akamapita madzi a mkati amatuluka pang'onopang'ono, mpweya n'kulowa m'malo mwake. Kuyambira tsiku limenelo, nchito yoyesa mazira musanaphike ikhale yake.

3. SODA, VINIGA NDI TIYI

Thirani viniga wokwana theka la kapu m'botolo laling'ono lapulasitiki. Ikani masupuni ang'ono awiri a soda, yemweyu wa delele, mkati mwa baluni. Vekani baluniyo pakamwa pa botolo mosamala kuti soda asagwere msanga, kenaka muiimike kuti soda agwere m'viniga. Padzacita thovu, ndipo baluni idzafufuma popanda woiuzira. Ngati mulibe viniga, madzi a mandimu amagwiranso nchito.

Zinthu zowawasa monga viniga ndi mandimu zimachedwa asidi. Soda ndi cidulo zili m'gulu lina lochedwa alikali. Soda akakumana ndi asidi pamatuluka mpweya wa carbon dioxide, womwewo umene timatulutsa popuma. Ndiwonso umafufumitsa masikono ndi vitumbuwa, ndipo timabowo timene mumaona mukanyema sikono ndi malo amene mpweyawo unali.

Kuti mwana asiyanitse magulu awiriwa, thirani tiyi wopanda mkaka m'makapu atatu. M'kapu yoyamba finyirani ndimu, m'yaciwiri ikani soda pang'ono, yacitatu muisiye momwemo kuti muziyerekezera. Tiyi wa ndimu adzayera pang'ono, wa soda adzada. Mlekeni ayese yekha madzi a cidulo kapena a bwemba, koma anene kaye cimene akuyembekezera.

4. NDODO YA PABWALO

Nchito iyi imayenera holide ya August pamene kumwamba kulibe mitambo. Zikani ndodo yowongoka pabwalo losalala pamene dzuwa limafika tsiku lonse. Kuyambira 8 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo, ola lililonse mwana aike mwala pamene cithunzithunzi ca ndodo cathera. M'mawa cidzakhala cacitali coloza kumadzulo, masana cidzafupika, ndipo dzuwa likapendeka cidzatalikanso kuloza kum'mawa. Tsiku lotsatira mwana adzatha kukuuzani nthawi poyang'ana miyalayo. Muuzeni kuti dziko lathu ndilo limazungulira, kamodzi pa maola 24, ngakhale m'maso mwathu cimaoneka ngati dzuwa ndilo likuyenda.

Ndodoyo musaizule. Kuno ku Zambia cithunzithunzi ca masana cimaloza kum'mwera m'mwezi wa June, koma m'December cimaloza kumpoto. Ku Chipata ndi ku Lusaka, cakumapeto kwa October kapena kuciyambi kwa November, ndiponso m'February, pamakhala masiku amene cithunzithunzi ca masana cimatsala pang'ono kusoweratu cifukwa dzuwa lili pamutu penipeni. Zaka pafupifupi 240 Yesu asanabadwe, Mgriki wina dzina lake Eratosthenes anayerekeza zithunzithunzi zotere m'mizinda iwiri ya ku Igupto, nawerengera kukula kwa dziko lonse lapansi. Cenjezani ana kuti asayang'ane dzuwa mwacindunji, cifukwa limaononga maso.

5. KUYEZA MVULA

Iyi ndi ya holide ya December. Tengani citini cowongoka m'mbali ndi cosalala pansi, cotsegula pamwamba ponse. Ciikeni poyera, kutali ndi mitengo ndi denga, ndipo cicirikizeni ndi njerwa kuti mphepo kapena nkhuku zisacigwetse. M'mawa uliwonse pa nthawi imodzimodzi, mwana aviike rula, alembe kuya kwa madzi m'mamilimita, ataye madziwo ndi kubwezera citini. Yang'anirani kuti rula zambiri zimakhala ndi kampata nambala ya ziro isanayambe, ndipo kampatako aziwerengerako.

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Tsono ngati denga lanu liphimba malo a mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20 ikupatsani malita 1,000, amene ndi zigubu 50 za malita 20. Mlekeni mwana awerengere yekha, kenaka mumufunse kuti madzi onsewo amapita kuti.

Tonse tikukumbukira cilala ca nyengo ya 2023/2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza m'February 2024 kuti ndi ngozi ya dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda ndipo madzi atacepa ku Kariba magetsi anavuta. Mwana amene wayeza mvula nyengo yathunthu amamva bwino nkhani zotere, ndipo kabuku kake kadzakuthandizani kuyerekeza caka cino ndi camawa.

6. MADZI OYERA M'MASO

Dulani botolo lapulasitiki la malita awiri cakumunsi, mulizondotse, ndipo pakamwa pake mangani kansalu koyera. Ikani malasha osinja pansi, pamwamba pake mcenga wotsuka, ndipo pamwamba penipeni timiyala. Thirani madzi amatope pang'onopang'ono ndi kulandira otuluka m'tambula. Oyamba angatuluke akuda ndi fumbi la malasha, koma mukabwereza kawiri kapena katatu adzayera kuposa mmene analili.

Tsopano funsani funso lofunika koposa: “Kodi madzi awa tingamwe?” Ana ambiri adzati inde. Yankho ndi lakuti iai. Sefa yathu yagwira matope ndi zinyalala, koma tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba ndi tating'ono kwambiri, timadutsa m'mcenga ndipo sitioneka ndi maso. Madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa mpaka kubwadamuka, kapena kuthiridwa klorini motsatira muyeso wolembedwa pa botolo lake. Mwana amene wamva izi atasefa yekha madzi sadzathamangira kumwa pa citsime ciliconse cifukwa coti madzi ake akuoneka oyera.

ZOFUNIKA KUSAMALA

Moto, madzi owira ndi mpeni zikhale m'manja mwa munthu wamkulu. Musalole ana kusakaniza mankhwala ocapira, ophera tizilombo kapena parafini, ndipo asalawe cinthu popanda cilolezo canu. Botolo la soda ndi viniga musalitseke ndi citsekerero, cifukwa lingaphulike. Baluni ndi nyemba zikhale kutali ndi makanda, angazimeze ndi kutsamwa.

Pali cina cimene ndimaona m'makomo mwathu. Mnyamata amapatsidwa rula ndi botolo, pamene mtsikana watumidwa kukatsuka mbale. Mtsikana yemweyo akafika ku sekondale amakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kunena kuti sayansi ndi ya anyamata. Gawani nchito za pakhomo mofanana kuti onse apeze nthawi, ndipo tsiku lina mtsikana ndiye atsogolere.

Nthawi zina cinthu sicidzacitika monga ndalembera. Baluni ingakane kufufuma, nyemba zingaole. Musataye mtima. Funsanani kuti calakwika n'ciani: kodi soda anali wakale, kodi mpweya unathawira m'mbali, kodi madzi anacuruka? Sinthani cinthu cimodzi cokha ndi kuyesanso. Ndipo mwana akafunsa funso limene simungathe kuyankha, muuzeni alilembe m'kabuku kuti akafunse aphunzitsi ake sukulu zikatsegulira. Akulu anati safunsa anadya phula. Tikamukalipira mwana kuti “Coka apa, ukundisokosa,” tsiku lina adzaleka kufunsa, ndipo m'kalasi adzakhalanso cete.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi ana a pakhomo panu amathera kuti nthawi yao pa holide, ndipo ndani amadziwa kumene ali?

2. Mwana akakufunsani funso muli pakati pa nchito, mumayankha bwanji? Nanga mungayankhe bwanji popanda kumufooketsa?

3. Ndi nzeru ziti zimene munaphunzira kwa amai kapena ambuya anu, monga kuceza cidulo, kufutsa ndiwo kapena kusunga mbeu, zimene mungaonetse ana ndi kuwafunsa cifukwa cake zimatheka?

4. Kodi m'dera lanu muli ana amene alibe wowayang'anira masana? Ndani mwa ife angawaitane pakhomo pake tsiku limodzi pa sabata?

ZOKACITA

Sabata ino aliyense asankhe nchito imodzi, aicite ndi ana kapena adzukulu ake, ndipo aitanenso mwana mmodzi wa mnansi. Theka la ola likwanira. Pa msonkhano wotsatira mubwere ndi botolo lanu la nyemba kapena kabuku ka mwana, kuti tidzamve zimene ana ananena, zimene zinatheka ndi zimene zinakanika.