Mtima wa Wotchi

Kodi muli ndi wotchi yopukusa ndi zala, yosalira batire? Mwina ndi imene anakusiyirani bambo anu. Mwinanso mwayamba kuphunzira kukonza mawotchi kuti muzipeza kangachepe. Lero tiphunzire za kagudumu kamene amisiri amati balansi.

Tsegulani kumbuyo kwa wotchi. Muona kagudumu kakuyenda, kupita uku, kubwerera uku. Pakati pake pali kawaya kokulungika, kopyapyala ngati tsitsi. Kawaya aka ndi kamene kamabweza kagudumu. Munthu wa ku Holland, dzina lake Christiaan Huygens, anapanga wotchi ya kawaya kotere m'chaka cha 1675.

Kagudumu aka ndiye mtima wa wotchi. Mawotchi ambiri akale amagunda ka 5 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti ka 18,000 pa ola. Mtima ukadwala, nthawi yonse yasokonekera.

Lamulo loyamba ndi ili: yambani mwaona musanagwire. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

1. Wotchi ikuthamanga kwambiri

Tengani galasi lokulitsa zinthu. Yang'anani kawaya kaja. Mizere yake siyenera kukhudzana. Ikamatirirana, kawaya kamakhala ngati kafupika, ndipo wotchi imathamanga. Zomatiriza ndi ziwiri: mafuta kapena maginito. Maginito amapezeka mu sipika ya wailesi, ngakhalenso mu foni. Ikani wotchi pafupi ndi kampasi yolozera kumpoto. Muvi wa kampasi ukagwedezeka kwambiri, wotchi yagwidwa ndi maginito. Amisiri ali ndi kachipangizo ka magetsi kochotsera vutoli. Ngati ndi mafuta, kawaya katsukidwe ndi benzini woyera, kutali ndi moto.

2. Wotchi ikuyenda chagada, koma mukaitembenuza yaima

Funsani mwini wake: "Kodi inagwa?" Kagudumu kamazungulira pa kamtengo kachitsulo. Nsonga zake ziwiri n'zazing'ono zedi, ndipo zimakhala m'timiyala tofiira. Wotchi ikagwa, nsonga imathyoka kapena kamwala kamasweka. Mukaona kagudumu kakupendama, musalimbane nako. Mafuta sangathandize. Pafunika chitsulo chatsopano.

3. Kagudumu kakuyenda mofooka

Pukusani wotchi mpaka ikwane. Kagudumu kabwino kamapita patali mbali zonse ziwiri. Kakangogwedezeka pang'ono, kawirikawiri ndi fumbi kapena mafuta akale ouma. Wotchi yonse ifunika kutsukidwa. Musauziremo mpweya ndi pakamwa, chifukwa chinyontho chimadzetsa dzimbiri. Musathiremo mafuta a njinga kapena ophikira.

4. Kulira kwake kukutsimphina

Ikani wotchi pakhutu. "Tiki" ndi "taka" ziyenera kutalikirana mofanana. Zikasiyana, kagudumu sikali pakati. Wotchi yotere imafuna kuigwedeza kuti iyambe. Ntchito iyi njofuna mmisiri wozolowera.

Nanga kamuvi kaja?

Pamwamba pa kagudumu pali kamuvi. Mbali ina palembedwa + kapena F, kuthamanga. Mbali ina - kapena S, kuchedwa. Ambiri amathamangira kukankha kamuvi aka. Ayi, anzanga! Kamuvi kamangokonza mphindi zowerengeka pa tsiku, ndiponso pa wotchi yamoyo. Sikachiza matenda anayi aja. Kankhani pang'ono pokha. Lembani m'kope tsiku ndi nthawi. Mawa nthawi yomweyo yerekezani ndi nthawi ya pa wailesi, mulembenso. Apa ndi pamene kulemba kwanu kukugwira ntchito.

Kumbukirani kuti wotchi ndi ya mwini. Mukapinda kawaya ndi chala, mudzalipira ndinu, mbiri yanunso yaipa. Palibe manyazi kunena kuti, "Pepani bambo, apa pandikanika, pitani kwa mmisiri wamkulu."

Mafunso

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimamatiriza kawaya.
2. Wotchi ikamaima poitembenuza, chavuta n'chiyani?
3. Chifukwa chiyani sitiuzira mpweya m'wotchi ndi pakamwa?
4. Wotchi ikugunda ka 5 pa sekondi. Igunda kangati pa mphindi imodzi?