Madzi Akayera, Kafunseni Matope

Pa 18 February 2025, khoma la damu losungiramo zinyalala za mgodi wa mkuwa linagumuka ku Chambishi, m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia. Damulo linali la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia. Madzi a asidi, amene poyamba ankati ndi okwana malita pafupifupi 50 miliyoni, anasefukira mu mtsinje wa Mwambashi n'kukathira mu Kafue. Nsomba zinayandama chagada, mbewu za m'madimba zinapserera ngati zawaulidwa ndi moto, ndipo mipopi ya mumzinda wa Kitwe inauma chifukwa madzi anatsekedwa. Boma linatumiza ndege za asilikali kukathira laimu mu mtsinje kuti asidi uja athe mphamvu.

Fungo likatha, madzi n'kuyambanso kuyera, mtima umakhala m'malo. Msodzi amatola mbedza zake, ana amabwerera kukafukula nkhanu pansi pa miyala. Apa m'pamene munthu amapusitsikira.

Mkuwa, mtovu ndi zitsulo zina za m'migodi sizivunda ngati masamba. Madzi akakhala ndi asidi wambiri, zitsulozi zimasungunuka n'kumayenda nawo. Laimu akachepetsa asidi, zimamira n'kukakhazikika m'matope. Sizinachoke mu mtsinje ayi, zangotsikira pansi. Tsono pansipo ndi pamudzi pa tizamoyo topanda mafupa timene ambiri sitikuwerengera: nkhono zimene zimapala ndere pa miyala, nkhanu za m'mauna, ndi timphutsi tofiira tokhala m'matope, tija timadzasanduka tizilombo touluka tofanana ndi udzudzu.

Tengani nkhono imodzi muiyang'anitsitse ikukwawa pa mwala. Kukamwa kwake kuli timano tambirimbiri tokhala ngati tupa, ndipo tsiku lonse imangopala, n'kumeza ndere pamodzi ndi fumbi lomatirira pamenepo. Ilibe mapiko oti ithawire, ilibenso liwiro la nsomba. Nkhono zimafa msanga ndi mkuwa, moti kale anthu ankathira mankhwala a mkuwa m'madzi pofuna kupha zija zimafalitsa likodzo. Tizamoyo tina topirira, ngati timphutsi tofiira tija, sitifa msanga. Timangosunga zitsulozo m'thupi mpaka mlamba utabwera kudzafukula matope n'kutimeza.

Kuchuluka kwa zitsulo zimene kanyama kamamwa kumasintha ndi nyengo komanso mtundu wa madzi. M'madzi okhala ndi kashiamu wambiri, kashiamuyo amalimbirana malo ndi zitsulo pa ziwalo zopumira, choncho zolowa m'thupi zimachepa. Madzi a m'dambo, aja amaoneka ngati tiyi chifukwa cha masamba ovunda, amamanga mkuwa kuti usalowe msanga. Koma m'chilimwe, mtsinje ukaphwera n'kutentha, mpweya umachepa m'madzi, tizamoyo timapuma mofulumira, ndipo timakoka madzi ambiri pamodzi ndi zomwe zilimo. Mvula yoyamba ikavundula matope amene anakhala phee kwa miyezi, zitsulo zina zimamasukanso. Ndiye kuti malo amene anapimidwa m'nyengo yozizira n'kupezeka kuti ali bwino angathe kusintha pofika October kapena December.

Izi zikutikhudza chifukwa chakudya chimayenda ulendo umodzi: kuchoka m'matope kupita mwa mphutsi, mwa nsomba, mpaka m'mbale ya ndiwo. Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda, koma suchotsa chitsulo. Kuwamba, kukazinga kapena kuyanika padzuwa sikuthandiza. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo nthawi zambiri suyamba ndi kupweteka m'mimba kuti mayi adzidzimuke.

Inu amene mumakhala kumunsi kwa mgodi, kaya wa mkuwa, wa malasha kapena maenje a okumba golide, musakhutire ndi maso. Akuluakulu akabwera ndi mabotolo kudzatunga madzi okapima, afunseni ngati atenganso matope, nkhono ndi nsomba, ndipo afunseni kuti adzabweranso mwezi uti. Mukagadamula mwala wa mu mtsinje n'kupeza kuti pansi pake palibe chokwawa, pamene kale pankadzaza tizilombo, nenani kwa amfumu ndi alangizi a zausodzi tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula. Ndipo kufikira matope atapimidwa, nkhanu ndi mlamba wa pamalo amenewo musampatse mwana, ngakhale ndiwo zitasowa bwanji.