Masamba Kapena Mapeleti: Mbira ndi Akalulu Athu Tiziwadyetsa Chiyani?

Anzanga, kumayiko monga England ndi America kuli anthu amene amaweta makoswe m'nyumba ngati mmene ife timawetera galu kapena mphaka. Musaseke, ndi zoona. Amawagulira khola, amawatcha mayina, ndipo amakangana kwambiri pa nkhani ya chakudya. Ena amati khoswe azidya zaziwisi zokhazokha: masamba, zipatso ndi mbewu, ngati mmene akanadyera kutchire. Ena amati ayi, azidya mapeleti, kapena kuti timibulu touma togula m'sitolo, topangidwa kufakitale.

Ife kuno ku Thambani khoswe sitiweta, timachita kumutchera msampha. Koma mkangano womwewu uli pakhomo pathu. Ambiri a ife tili ndi mbira kapena akalulu kuseri kwa nyumba. Ena timagulitsa n'kupeza ya makope ndi sopo, ena mpaka ya mayeso. Kalulu mmodzi akafa mu Okutobala chifukwa chodya molakwika, imeneyo ndi ndalama yapita. Ndiye tiyeni tiiphunzire nkhaniyi bwinobwino, chifukwa ikukhudzanso zimene timalemba pa mayeso a Biology ndi Agriculture.

Yambani mwayang'ana thupi la nyamayo

Funso loti “chabwino n'chiti” silingayankhidwe musanadziwe kuti mukudyetsa ndani. Khoswe, mbira ndi kalulu amaoneka ngati apachibale, koma m'mimba mwawo mumagwira ntchito mosiyana.

Khoswe amadya zamitundumitundu ngati munthu: chimanga, mtedza, zipatso, tizilombo, ngakhale nsomba. Thupi lake limadzipangira lokha vitamini C. Komanso khoswe satha kusanza, n'chifukwa chake chakudya chachilendo amayamba walawa pang'ono.

Mbira ndi m'bale wake wa khoswe, koma imadya zomera zokhazokha. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes ku South America, ndipo ku Peru mpaka lero ndi ndiwo yapamwamba. Chofunika kukumbukira n'chakuti mbira, mofanana ndi munthu, siitha kudzipangira vitamini C. Iyenera kumupeza m'chakudya tsiku ndi tsiku.

Kalulu, ngakhale ambiri amamuika m'gulu la makoswe, ali ndi gulu lakelake. Kuseri kwa mano ake awiri akutsogolo a m'mwamba kuli timano tina tiwiri tating'ono, timene khoswe ndi mbira alibe. Iyenso amadya zomera zokhazokha, ndipo matumbo ake amafuna udzu wambiri wokhakhala kuti aziyenda bwino.

Chimene onse atatuwa amafanana ndi mano akutsogolo: amakula moyo wonse osaleka, ngati zikhadabo zathu. Kwa mbira ndi kalulu, ngakhale mano otafunira amakulabe. Nyamazi zikapanda kumatafuna udzu wolimba, manowo amatalika, amabaya tsaya kapena lilime, ndipo chiweto chimasiya kudya chakudya chili pamphuno.

Chinanso: mbira ndi kalulu amadya ndowe zawo zina zofewa zimene amatulutsa, makamaka usiku. Musanyansidwe ndipo musawamenye, sakudwala ayi. Ndi njira yawo yogaya chakudya kachiwiri kuti apeze mavitamini ndi zomanga thupi zimene tizilombo tabwino ta m'matumbo mwawo tapanga.

Phunziro la bwampini

Pali makoswe amene amawetedwa mosamala kwambiri kuno ku Africa, ndipo ntchito yawo inafika pafupi nafe. Bungwe la APOPO, limene linayambitsidwa mu 1997 ndi Bart Weetjens wa ku Belgium, limaphunzitsa abwampini ku Morogoro m'dziko la Tanzania kuti azinunkhiza mabomba okwiriridwa pansi. Bwampini ndi wopepuka moti akaponda pa bomba siliphulika. Makoswe amenewa anagwira ntchito ku Mozambique, kuphatikizapo chigawo cha Tete chimene tachita nacho malire, pothandiza kuchotsa mabomba amene anatsala nkhondo itatha mu 1992. Mu Seputembala 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika. Wina mwa abwampiniwa, dzina lake Magawa, anakagwira ntchito ku Cambodia n'kupeza mabomba okwiriridwa 71, ndipo mu 2020 analandira mendulo yagolide. Anafa mu Januwale 2022 ali ndi zaka 8.

Nanga akatswiri amenewa amadya chiyani? Amadya zonse ziwiri. Amapatsidwa nthochi, mapeyala ndi mtedza, komanso mapeleti. Pophunzitsidwa, mphotho yawo imakhala nthochi kapena peyala lophwanya losakaniza ndi mapeleti osinja. Anthu amene moyo wawo umadalira mphuno ya khoswe sanasankhe mbali imodzi. Chimenechi tichisunge m'mutu.

Ubwino ndi vuto la mapeleti

Ubwino waukulu wa mapeleti n'ngwakuti kambulu kalikonse kali ndi zonse zosakaniza. Mukaika mtedza, chimanga ndi masamba m'mbale imodzi, chiweto chimatola zokoma n'kusiya zina, ngati mwana amene amadya nyama n'kusiya ndiwo zamasamba. Ndi mapeleti sichingathe kusankha. Mapeleti a akalulu kawirikawiri amakhala ndi zomanga thupi pakati pa 16 ndi 18 peresenti, choncho ana amakula msanga ndipo make woyamwitsa saonda. Amasungikanso, ndipo sadalira mvula.

Koma mavuto alipo. Loyamba ndi ndalama: thumba lenilenilo, kuphatikiza ya ulendo wokalifuna ku Boma kapena ku Blantyre. Muwerengere bwino, mwina phindu lonse la akalulu anu lithera m'thumbamo.

Lachiwiri, vitamini C sakhalitsa. Kutentha, kuwala ndi chinyontho zimamuwononga, moti mapeleti a mbira akatha miyezi itatu chipangidwire, vitamini ameneyu amakhala atachepa kwambiri. Mapeleti a akalulu ndiye kawirikawiri saikamo n'komwe, chifukwa kalulu amadzipangira yekha. Mukamadyetsa mbira mapeleti a akalulu okhaokha, pakangotha masabata awiri kapena atatu muyamba kuona zizindikiro: kutupa m'mfundo za miyendo, kuyenda motsimphina, ubweya kunyankhalala, nkhama kutuluka magazi. Matendawa ndi scurvy, omwe aja ankapha amalinyero akale panyanja. Ndipotu mu 1907 asayansi awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anaona matendawa pa mbira zimene ankazidyetsa mbewu zouma zokhazokha, ndipo atazipatsa kabichi ndi mandimu vutolo linkapewedwa. Kafukufuku ameneyu ndiye anatsegula njira yotulukira vitamini C.

Lachitatu, si mapeleti onse amene ali a chiweto chanu. Chakudya china cha nkhuku amathiramo mankhwala oteteza nkhuku ku matenda a m'matumbo, ndipo ena mwa mankhwalawa amapha akalulu. Musamangoti “zonse ndi fidi”. Werengani zimene zalembedwa pa thumba.

Ubwino ndi vuto la zaziwisi

Apa ndiye ife tili ndi mwayi. Kholowa, chisoso, bonongwe, nsenjere, masamba a nthochi, a nandolo, a mtedza ndi a mapulesi, zonsezi zimapezeka popanda kutulutsa ndalama. Zili ndi madzi, zimapereka ntchito ku mano, ndipo zili ndi vitamini C wochuluka. Mbira yolemera kilogalamu imodzi imafuna vitamini C wokwana pafupifupi mamiligalamu 10 pa tsiku, ndipo yabere imafuna woposa pamenepo. Kachidutswa ka gwafa kamakwanitsa zimenezi, chifukwa gwafa ali ndi vitamini C wochuluka kangapo kuposa lalanje. Manachesi athu a kuno ku Mwanza nawonso angathandize, koma pang'ono chabe, chifukwa zipatso zikachuluka zimatsegula m'mimba.

Koma mawu oti “zachilengedwe” asakupusitseni. Fodya nayenso ndi wachilengedwe. Samalani izi:

1. Masamba a tomato, a mbatata ya kachewere, a fodya ndi a ombwe ndi poizoni. Musapereke.

2. Chigwada chachiwisi chili ndi poizoni yemwe uja amachititsa chinangwa china kuwawa. Amayi amachita kusinja ndi kuphika nthawi yaitali pa chifukwa chimenechi. Kwa mbira ndi akalulu, ndi bwino kungochisiya.

3. Lukina ndi wabwino kwa mbuzi ndi ng'ombe, koma kalulu akadya wambiri ubweya umathothoka ndipo sakula bwino. Azikhala wochepa, wosakaniza ndi masamba ena.

4. Masamba a kudimba opoperedwa mankhwala posachedwa amapha. Musanatole zotsala za repu kapena kabichi, funsani mwini dimba kuti anapopera liti.

5. Masamba onyowa ndi mame, kapena amene anaunjikidwa m'thumba mpaka kutentha, amatupitsa mimba. Ayanikeni pamthunzi kwa maola angapo kuti afote pang'ono.

6. Soya ndi nyemba zosaphika zili ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya chakudya. Soya azikazingidwa kaye.

7. Mtedza, chimanga kapena madeya a chuku musapereke ngakhale pang'ono. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi. Anadziwika pambuyo poti nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England mu 1960 zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wa chuku wochokera ku Brazil. Chizolowezi choti “zoola tipatse ziweto” chatha makola ambiri. Mapeleti nawonso akanyowa amachita chuku chimodzimodzi.

Vuto lina la masamba ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo msipu umachita kusowa woudya. Koma Seputembala ndi Okutobala akafika, tchire litapsa, ambiri timangothamangira masamba a nthochi tsiku ndi tsiku. Chakudya cha mtundu umodzi sichikwanira, ndipo nthawi imeneyi ndi imene ana a akalulu amafa kwambiri.

Ndiye tichite bwanji?

Kwa mbira ndi kalulu, maziko a chakudya akhale udzu ndi masamba, osachepera mitundu itatu pa tsiku. Chakudya chouma chikhale chowonjezera chabe, makamaka kwa zoyamwitsa, zabere ndi ana amene akukula. Ngati ndalama ya mapeleti ilipo, gulani thumba laling'ono loti lithe msanga, ndipo mulisunge pouma, pamwamba, pomwe makoswe sangafike. Ngati palibe, pangani chanu.

Apa tigwiritse ntchito masamu a Pearson square amene timaphunzira mu Agriculture. Tinene kuti madeya ali ndi zomanga thupi 10 peresenti, soya wokazinga ali ndi 38 peresenti, ndipo ife tikufuna 16. Chotsani 16 pa 38, mupeza 22: amenewo ndi magawo a madeya. Chotsani 10 pa 16, mupeza 6: amenewo ndi magawo a soya. Mwachidule, ndi pafupifupi makilogalamu 4 a madeya pa kilogalamu imodzi ya soya wokazinga ndi kugaya. Thiranimo mchere supuni yaing'ono imodzi pa kilogalamu iliyonse. Kalulu wamkulu dzanja limodzi pa tsiku lamukwana, mbira theka la pamenepo. Mukachulutsa, chiweto chimanenepa mafuta, chimasiya kudya udzu, ndipo chimavutika kutenga bere.

Konzekerani chilimwe kudakali msipu. Mu Malichi ndi Epulo dulani udzu usanakhwimitsitse, uumitseni bwino osaunyowetsa ndi mvula, muumange mitolo n'kuusunga pa thandala pamthunzi. Mukakolola mtedza, masamba ake musawotche, aumitseni musunge. Dzalani mizere ingapo ya kholowa ndi bonongwe pamalo pomwe mumatayira madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Kumbukirani kuti udzu wouma ulibe vitamini C wokwanira, choncho mbira izipezabe kanthu kakawisi tsiku lililonse.

Madzi asasowe m'khola. Zoti kalulu samwa madzi ndi bodza. Masamba aawisi ali ndi madzi ambiri, n'chifukwa chake m'dzinja amaoneka ngati sakumwa. Koma mapeleti ndi madeya ndi zouma gwa, ndipo kalulu woyamwitsa akasowa madzi mkaka umauma.

Pomaliza, posintha chakudya musachite mwadzidzidzi. Sakanizani chatsopano pang'ono ndi chakale, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu. Ndipo wina asatengeke ndi nkhani ya Magawa n'kukagwira khoswe wa m'nkhokwe kapena bwampini wa kutchire kuti awete. Amenewo amafalitsa matenda kudzera mu mkodzo ndi utitiri.

Dziyeseni

(a) Tchulani chinthu chimodzi chimene thupi la khoswe limadzipangira koma la mbira silitha.

(b) N'chifukwa chiyani kalulu wodya madeya okhaokha amadwala mano?

(c) Mukufuna makilogalamu 10 a chakudya chosakaniza monga tafotokozera pamwambapa. Mufunika madeya ochuluka bwanji, nanga soya?

(d) Lembani zomera zisanu za kumudzi kwanu zimene zimakhalabe zobiriwira mu Okutobala, ndipo munene zimene mungapatse mbira.

Mayankho anu lembani pa kapepala muponye m'bokosi la pansi pa bolodili lisanafike Lachisanu, ndipo abwino tidzawamata pano. Amene chiweto chake chasiya kudya kapena chikutsegula m'mimba, asadikire; afunse aphunzitsi a Agriculture kapena alangizi a ziweto lero lomwe. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.