Asilikali a M'thupi Akaukira Mitsempha Yathu Yomwe

Anzanga, waya wa sola tonse timaudziwa: mkati muli kopa, kunja pulasitiki. Khoswe akatafuna pulasitikiyo, babu limayamba kuphethira. Mitsempha imene imanyamula mauthenga pakati pa msana ndi miyendo kapena manja ili chimodzimodzi. Nayo ili ndi chokutira chamafuta chotchedwa myelin. Chokutirachi chimapangidwa ndi maselo otchedwa Schwann, amene amadzikulunga pa mtsempha ngati mmene timapindira mphasa.

Pali matenda ena otchedwa Guillain-Barré. Madokotala a ku France, Georges Guillain, Jean Barré ndi André Strohl, anawafotokoza mu 1916 atawaona pa asilikali awiri a nkhondo. Kawirikawiri amayamba patapita masabata ochepa munthu atatsegula m'mimba kapena atadwala chimfine. Kachilombo kodziwika bwino pa nkhaniyi ndi Campylobacter, kamene kamapezeka mu nyama ya nkhuku yosapsa bwino. Mbali zina za kachilomboka zimafanana ndi za mitsempha. Ndiye asilikali a m'thupi, aja amatiteteza ku matenda, amasokonezeka n'kuyamba kumenya mitsempha ya mwiniwake. Mapazi amachita dzanzi, miyendo yonse iwiri imafooka, kenako kufookako kumakwera m'mwamba.

Nanga thupi limadzikonza bwanji? Maselo amatumizirana mauthenga. Alibe pakamwa, koma amatulutsa timadzi tina timene maselo anzawo amatizindikira. Zimayenda motere:

1. Mtsempha ukavulala, maselo a Schwann amachulukitsa puloteni yotchedwa c-Jun. Imeneyi imawasintha ntchito: amasiya zokutira, n'kukhala okonza.

2. Amayitana asilikali otchedwa macrophage kuti adzadye zinyalala za myelin wowonongeka. Chodabwitsa n'chakuti mtundu womwewu wa asilikali umakhala nawo pogwetsa chokutira chija. Uthenga ukasintha, wogumula uja amasanduka wosesa.

3. Ngati ulusi wamkati mwa mtsempha unawonongekanso, maselo a Schwann amandandalikana ngati mzere ndi kutulutsa timadzi toukulitsa, kuti ulondole njira yake yakale.

4. Mtsemphawo nawo umayankha ndi uthenga wake wotchedwa neuregulin, wouza maselo a Schwann kuti aukutirenso.

Ntchitoyi ndi yochedwa zedi. Ulusi wa mtsempha umakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Tengani rula yanu ya masentimita 30. Amenewo ndi mamilimita 300, kutanthauza masiku 300, pafupifupi miyezi 10. Mwaona chifukwa chake wodwala sachira lero ndi lero?

Ndalemba izi chifukwa kumudzi, munthu akati wagona bwinobwino koma m'mawa miyendo yakana, ambiri timathamangira kunena kuti amulodza. Masiku amatha tikuloza zala agogo osalakwa, pamene kufooka kuja kukukwera. Kukafika pachifuwa, munthu amalephera kupuma ndipo amafunika makina omuthandiza. Choncho mukaona wina wafooka miyendo mwadzidzidzi, kaya ndi mwana kaya wamkulu, auzeni makolo athamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Matendawa sapatsirana, ndiye palibe chomuthawira wodwalayo. Ambiri amadzayendanso, makamaka akamachita mafizo mosadukiza. Ngati ndi mnzathu wa m'kalasi, timukopereko manotsi ndi kukamuona. Ndipo nkhuku ija tiziiphika mpaka ipse mkati momwe.

Ndine mnzanu wa Fomu 2