Phunziro la Ziweto: Kuzindikira Mbuzi Yodwala Nthawi Isanathe

Mabanja ambiri m'mawodi athu ayamba kuweta mbuzi posachedwapa, ena atagula ndi ndalama za ku banki m'khonde, ena atalandira kudzera mu ndondomeko yopatsirana ziweto. Kwa inu amene munalandira, mbuzi imene ili m'khola lanuyo si yanu nokha, pakuti pali banja lina limene likudikira ana ake oyamba. Ikafa, mwataya inu, ndipo nawonso anzanuwo ataya. Chovuta nchakuti mbuzi ndi nyama yopirira. Imabisa matenda mpaka itafooka kwambiri, kotero kuti mlimi amene amadikira kuti ione kugwa pansi ndiye athamangire kwa alangizi, kawirikawiri amakhala atachedwa kale.

Ntchito yaikulu imachitika m'mawa potsegula khola. Musangotsegula nkutembenuka kupita kumunda. Imani kaye, muone mmene zikutulukira. Mbuzi yathanzi imatuluka mwachangu, imakankhana ndi zinzake, imaimika mchira ndipo imayamba kudya nthawi yomweyo. Ubweya wake umakhala wosalala, ndowe zake zimakhala timibulu touma, ndipo ikagona masana imabzikula. Imene yatsalira m'mbuyo, imene yaima payokha itazolika mutu, msana utapindika, ubweya utanyankhalala, imeneyo igwireni muione bwino. Chizindikiro choyamba pa matenda ambiri ndi kuleka kudya ndi kubzikula. Ngati gulu lanu lili ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kamene amakalowetsa kotulukira ndowe, dziwani kuti mbuzi yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40. Kupitirira pamenepo ndiye kuti thupi latentha, ndipo kutsika kwambiri nkoopsanso, makamaka kwa ana.

Njoka za m'mimba

Tiyambe ndi mdani amene saoneka. Pali mtundu wina wa njoka za m'mimba umene umayamwa magazi a mbuzi. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, amaswa pa nthaka yonyowa, ndipo timphutsi take timakwera pa udzu waufupi, mbuzi nkutidyera limodzi ndi udzuwo. Nchifukwa chake vutoli limakula m'dzinja. Ndiyonso nthawi imene timamangirira mbuzi poteteza mbewu za m'minda, ndipo ambiri a ife timakhoma chikhomo pamalo amodzi mlungu wonse. Mbuzi yotere imadya pamene yachitira ndowe, choncho imadzipatsiranso njokazo tsiku ndi tsiku.

Kuti mudziwe, gwirani mutu wa mbuzi poyera pamene pali kuwala, mukokere pansi chikope cha m'munsi ndi chala, muone mkati mwake. Mukafiira bwino, magazi alimo okwanira. Mukatuwa kapena kuyera ngati pepala, magazi atha ndipo mbuziyo ifunika mankhwala lero lomwe. Nthawi zina pansi pa chibwano pamatupa, pofewa ngati muli madzi. Ambiri amaganiza kuti ndi chithupsa nkufuna kuboola. Musatero, chimenecho ndi chizindikiro cha kutha kwa magazi. Tikumbukenso kuti mbuzi ikhoza kufa ndi njokazi isanatsegule m'mimba nkomwe.

Mankhwala a njoka amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa mbuzi. Chizolowezi chogawa mlingo wa mbuzi imodzi kwa mbuzi ziwiri pofuna kusunga ndalama nchoononga, chifukwa njoka zimene zapulumuka zimazolowera mankhwalawo, ndipo chaka chamawa sagwiranso ntchito. Ngati mbuzi yangotenga bere kumene, auzeni alangizi musanaimwetse, popeza mankhwala ena monga albendazole akhoza kuvulaza mwana m'milungu yoyambirira. Kupewa nkosavuta: sunthani chikhomo kawirikawiri, dikirani mame aume musanatulutse mbuzi, ndipo masamba amene mwadula muziwapachika m'mwamba, osawaponya pansi. Khola la m'mwamba, limene ndowe zimagwera pansi kudzera m'mipata, limathandiza kwambiri.

Nkhupakupa ndi matenda othamanga

Yang'anani nkhupakupa pansi pa mchira, m'makutu, pa bere ndi pakati pa ziboda. Nkhupakupa zamawangamawanga zimafalitsa matenda otchedwa heartwater. Mbuzi imatentha thupi, imayenda monyamula miyendo m'mwamba ngati ikuponda minga, imazungulirazungulira, kenako imagwa nkumapalasa miyendo. Ikafika pogwa, kuchira kumakhala kovuta. Jekeseni wa oxytetracycline amathandiza akabayidwa poyambirira, choncho mbuzi ya nkhupakupa ikangotentha thupi ndi kuleka kudya, musagone nayo. Amene muli ndi mbuzi za mtundu wa Boer kapena zosakaniza, samalani koposa, chifukwa sizipirira matendawa ngati mbuzi zathu zachikuda.

Chibayo nacho chimathamanga. Mbuzi imatsokomola, imatuluka mamina ndipo imapuma movutikira. Chimakonda khola lodontha, lothithikana, kapena lolowa mphepo ya m'mwezi wa Juni ndi Julayi. Ifunditseni thumba, muiike pouma, muitane alangizi.

Mimba ikatupa kumanzere, nkumalira ngati ng'oma mukaigogoda, mufunse zimene yadya. Nthawi zambiri imakhala kuti yalowa m'nkhokwe, yadya madeya ochuluka, kapena yakhuta msipu wanthete wonyowa. Iimikeni miyendo yakutsogolo pamalo okwera, muisisite kumanzereko, muimwetse pang'onopang'ono mafuta ophikira osapitirira theka la kapu. Musaikweze mutu kwambiri kapena kuitsanulira mokakamiza, kuopa kuti mafuta angalowe m'mapapo. Kuboola mimba asiyireni odziwa. Pano tinenepo za majumbo amene tikutaya paliponse m'misika ndi m'makomo: mbuzi imawameza, sagayika, ndipo imangoonda pang'onopang'ono ngakhale muipatse mankhwala otani.

Ana a mbuzi

Mwana akabadwa ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira, pakuti chitetezo chake chili mmenemo. Akatsegula m'mimba, chimene chimamupha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Tsinani khungu la pakhosi: likachedwa kubwerera, madzi achepa. Sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, muzimumwetsa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, uku akuyamwabe. Mukaona magazi m'ndowe, pafunika mankhwala ochokera kwa alangizi.

Zilonda za nkhanambo pa milomo zimapatsirana, ndipo zimagwiranso anthu m'manja, choncho valani jumbo pozigwira. Mbuzi yotsimphina ioneni ziboda. Matope a m'khola amaziwoletsa.

Mukaona mbuzi yodwala

Ipatuleni ku zinzake nthawi yomweyo. Iikeni pamthunzi pouma, muipatse madzi oyera ndi masamba amene imakonda. Kenako tumizani uthenga kwa alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kapena kwa mlimi wotsogolera. Kungonena kuti "mbuzi yanga ikudwala" sikuwathandiza. Fotokozani tsiku limene yayamba, zimene inadya, maonekedwe a ndowe ndi a m'zikope, ngati ili ndi bere, ndiponso ngati pali zina zodwala kwanu kapena kwa oyandikana nawo. Mankhwala ogula pamsika, opimidwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, apeweni. Mbuzi ikalandira mankhwala, funsani masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka wake kapena kudya nyama yake. Mbuzi yatsopano, ngakhale ioneke yonenepa chotani, ikhale payokha milungu itatu kapena inayi isanasakanizidwe ndi zinzake.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakhudza moyo wa anthu. Mbuzi ikataya bere, musagwire mwana wakufayo kapena zotuluka zake ndi manja. Valani majumbo, mukwirire mozama kumene agalu sangafukule, ndipo amayi oyembekezera asayandikire. Mbuzi zingapo zikataya mabere motsatizana, dziwitsani alangizi.

Chachiwiri ndi chimene chimativuta kwambiri kumvera. Mbuzi ikafa, mtima umati tisende, tigawane ndiwo kapena tigulitse kuti tipezeko kangachepe. Nzomveka, pakuti chuma chapita. Koma mbuzi imene yafa mwadzidzidzi, yatupa msanga, ndipo ikutuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kotulukira ndowe, ikhoza kukhala ndi anthrax, matenda amene amapha anthu osenda ndi odya omwe. Mukaing'amba, tizilombo take timalowa m'nthaka nkukhalamo zaka zambiri. Musaisende, musaikokere pansi, musapatse agalu. Ifunditseni, muike minga pamwamba, ndipo mudziwitse alangizi a ziweto ndi a mfumu tsiku lomwelo, kuti akuuzeni malo ndi njira yoikwirira kapena kuiotcha.